Tinalembetsa Anayi, Tinafika Atatu

1

Dzina langa ndine Fiordaliza, koma aliyense amene anadyapo keke ya ukwati mu Santo Domingo amandidziwa kuti Doña Fior. Ndaphikira makeke maukwati osawerengeka, ena mwa iwo anatha keke ikadali m'firiji, choncho ndinkadziyesa katswiri pa za mabanja. Mtsikana akabwera ndi bwenzi lake kudzasankha keke, ndinkangomuponyera diso mnyamatayo n'kudziwiratu ngati ali munthu kapena fisi. Diso lomwelo likafika pakhomo panga linkagona tulo.

Mwamuna wanga Radhamés ankagulitsa matayala a mathirakitala ku minda ya nzimbe ya kum'mawa. Ana athu atakula n'kupita ku New York, bamboyu anagwidwa ndi matenda a gofu. Loweruka lililonse m'mawa ankaponya chikwama cha ndodo m'galimoto n'kudzabwera Lamulungu masana. Ankati mabwana a nzimbe sagula matayala mu ofesi, amagulira pa kapinga, ndipo ankagona konko chifukwa Lamulungu masewera amayamba mbandakucha.

Akabwera, chakudya chinkazizira m'mbale iye akusimba. Mphepo ya kunyanja yamubera mpira. Kampira kaima pakamwa penipeni pa dzenje ngati kalodzedwa. Injiniya wakutiwakuti wangotsala pang'ono kulira atagonja. Ine ndinkagwedeza mutu, kenako n'kukachapa nsapato zake zamatope. Tsiku lina anabwera ndi tizisoti titatu toluka ndi ulusi wobiriwira, tovekera mitu ya ndodo zikuluzikulu. Kalikonse kanali ndi nkhope ya chinkhwe, mlomo wofiira, diso lina loyang'ana kumwamba lina pansi. Anati ndi mphotho ya mpikisano. Nditamufunsa ngati amuna a mathirakitala asowa chikho mpaka kumapatsana zidole, anati za gofu sindikuzidziwa, ndingokhala chete.

Mchemwali wanga ankandiuza kuti mwamuna wogona kunja Loweruka lililonse ndiye kuti ali ndi pogona. Ndinanunkhiza malaya, ndinapisa m'matumba, sindinapeze kanthu. Ndiye ndinati ngati mkazi mnzanga ndi gofu, ndipite ndikamuone nkhope. Ndinaganiza zophunzira mobisa kuti pa tsiku lake lobadwa ndidzamudzidzimutse pa bwalo. Musandiseke. Mwamuna wanga ndinkamufuna, ndipo ndinali nditatopa kudya ndekha.

2

Ku Juan Dolio kunali malo ophunzirira, ndipo Lachitatu m'mawa inali nthawi ya amayi. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Nurys. Anali ndi saluni ku San Pedro, zikhadabo zofiira, ndi kaseko komveka mpaka kumsewu. Tsiku loyamba anamenya nthaka m'malo mwa mpira mpaka kapinga anaulukira m'kamwa mwanga. M'malo mopepesa anandifunsa ngati nanenso gofu anandilanda mwamuna.

Tinagwirizana pompo. Wake ankamutchula kuti Checho. Kwathu kuno mwamuna aliyense ali ndi dzina la pa chiphaso ndi dzina la pa msewu, ndiye sindinafunse zambiri. Ine wanga ndinkangoti bwana wa kwathu. Checho ankayendayenda kwambiri pa ntchito, ndipo Lamulungu, tsiku loti akhale pakhomo, ankalawira ndi chikwama, ati mabwana akumudikira. Tikamaliza kuphunzira tinkakhala pansi pa mtengo ndi khofi n'kumawadya miseche amuna athu mpaka nthiti kuwawa.

"Koma iwe uli ndi mwayi, uli ndi mphete," anatero tsiku lina. "Wanga akuti sangakwatirenso. Mkazi wake anamwalira, ndiye analumbira pa bokosi."

Ndinafunsa chimene chinamutenga mayiyo.

"Shuga. Akuti anali wokonda zotsekemera, wonenepa, wolongolola kuyambira kum'mawa. Koma Checho akamukumbuka amalira, mnzanga, misozi yeniyeni. Ine malemu María ndimawamvera chisoni. Novembala aliyense ndimakawalembetsera Misa."

Ndinamuuza kuti ali ndi mtima wabwino, ndi kuti mwamuna wolirira mkazi chotere ndi wosowa masiku ano. Ndinafika pomuchitira nsanje mayi wakufayo.

Miyezi inapita. Manja anga anatuluka matuza, kenako anauma. Dzanja lamanzere, limene limavala golovesi, linayera, lamanja linada ndi dzuwa. Ndinkaopa kuti Radhamés azindikira, koma akanazindikira bwanji poti anasiya kalekale kundigwira dzanja.

3

Bwalo limene tinasankha linali la Cabo Tijereta, lija lili pamwamba pa matanthwe, kumene mafunde amakuwaza mchere kumaso ukamamenya. Kumeneko Loweruka salola anthu awiriawiri, amafuna gulu la anayi. Kwa ife zinangokwanira bwino: ine ndi wanga, Nurys ndi wake. Tinalembetsa msangamsanga Loweruka la tsiku lobadwa la Radhamés, malo asanathe. Tinagula masiketi oyera osagwirizana ndi zaka zathu, zipewa, ndi mipira yambiri chifukwa mphunzitsi anatichenjeza kuti nyanja ya kumeneko ndi yadyera. Ine ndinalonjeza keke. Nurys anati wake adzamunamiza kuti akumane pa khonde la kalabu kudzadya chakudya cham'mawa, ndipo adzangoona mkazi watulukira ndi ndodo.

Lachitatu lina ndinasolola mobisa ndodo yaikulu m'chikwama cha Radhamés kuti ndikaiyese, koma nditafika ndinachita nayo manyazi n'kuisiya m'buti ya galimoto. Pobwerera Nurys anandithandiza kulongeza katundu wanga m'butimo. Kenako anati mutu wamuyamba, khofi samwa. Lachitatu lotsatira sanabwere. Linalo anabwera nkhope itagwa, ati chimfine, ndipo potsanzikana anandipatsa kamphatso kokulunga m'pepala. Anati ndikatsegule ndikafika.

Ndinatsegulira m'njira, pafupi ndi Boca Chica. Chimene chinali m'katimo ndikuuzani nthawi yake. Ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali, mpaka mayi wogulitsa nsomba zokazinga anabwera kudzagogoda pa galasi kufunsa ngati ndili bwino. Nditafika kunyumba ndinatsegula chikwama cha mwamuna wanga n'kuyang'ana ndodo imodziimodzi. Kenako ndinaphika, ndinamuikira patebulo, ndinamvetsera nkhani ya matayala mpaka kumapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za ku Cabo Tijereta sindinasinthe kanthu.

4

Loweruka lija Radhamés anadzuka akuimba. Anadzithira mafuta onunkhira ochuluka kuposa amene kapinga amafuna. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atatuluka ndi chikwama chake anandipeza nditakhala kale kutsogolo m'galimoto, siketi yoyera, chipewa kumutu, keke pamiyendo, ndodo zanga kumbuyo.

"Tsiku labwino lobadwa, bambo. Lero tisewera limodzi. Ndakhala ndikuphunzira."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anafunsa kuti tikupita bwalo liti. Nditatchula Cabo Tijereta, makiyi anagwera pansi.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Tisanatuluke mu mzinda anati kukubwera mvula, pamene kumwamba kunali mbee. Pa mlatho anati akumva tayala likugwedera, ine ndinamukumbutsa kuti matayala ndi ntchito yake, atsike aone. Titadutsa bwalo la ndege m'mimba munamuyamba. Kenako anati bwalo la Cabo ndi la alendo ongodzajambulitsa, kapinga wake ndi woipa, iye akudziwa lina labwino kumpoto. Ku Boca Chica anapempha kuti tiime tidye nsomba, ati tsiku lobadwa ndi la banja, gofu sathawa. Mawu amenewa ndinawadikira zaka zambiri, ndipo anadzafika tsiku limene ndinalibe nawo ntchito.

"Yendetsani, bambo," ndinatero. "Kuli mnzanga akutidikira. Akubwera ndi wake, nayenso katswiri ngati inu. Mwina mukudziwana."

Radhamés thukuta linali kamukamu ngakhale m'galimoto munali mozizira. Titafika anazimitsa injini n'kukhala duu, manja pa chiwongolero, ine ndinasolola makiyi n'kuwaika m'thumba la siketi.

5

Nurys anali pa khonde la kalabu, yekha, zikhadabo zopaka kumene. Ine ndinkaganiza kuti ndikubweretsa mpeni kwa munthu wosalakwa. Anatsika masitepe pang'onopang'ono. Radhamés anayesa kubisala kuseri kwa chikwama, munthu wa mimba ngati iye.

"Nurys, awa ndi bwana wa kwathu, a Radhamés," ndinatero.

Ndinayembekezera kukuwa, mwina kukomoka. Iye sanaphethire n'komwe.

"Mwafika bwino, a Checho?" anatero. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. "Koma malemu María, manda akukukondani. Thupi lili bwino."

María ndi dzina langa la ubatizo, limene ngakhale mayi anga analiiwala. Pofuna kundipha, mwamuna wanga anachita kukalifukula.

Ndinatsitsa chikwama changa n'kuchiimika pambali pa chake. Pa ndodo yanga yaikulu panali chinkhwe chobiriwira, mlomo wofiira, diso lina kumwamba lina pansi. Ndi chimene chinali m'pepala muja. Zinkhwe zitatu za mpikisano za Radhamés zinapeza mbale wawo wachinayi, ndipo mwini mpikisano anali ataima pomwepo ndi zikhadabo zake zofiira.

"Fior, amayi," ananong'ona Radhamés, "tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Nyumba iti, bambo?"

Pomwepo kunabwera Don Plinio, mkulu woyambitsa magulu, munthu amene anaona zambiri pa kapinga ameneyu ndipo anasiya kudabwa. Anati talembetsa anayi, wachinayi ali kuti.

"Tonse tafika, Don Plinio," anatero Nurys. "Kungoti amuna awiriwo abwera m'thalauza imodzi."

Mkuluyo anangosisita ndevu. Anati za mathalauza si zake, nthawi yathu yakwana ndipo gulu lina likudikira kumbuyo. Ataona keke anafunsa kuti wobadwa lero ndani, nati ulemu woyamba kumenya ukhale wa iyeyo.

Malo oyambira a ku Cabo ali pansi penipeni pa khonde la kalabu, pamene anthu amamwera khofi n'kumaonerera anzawo. Radhamés anavala golovesi, n'kuikakamiza ku dzanja lamanja mpaka inang'ambika. Anagwira ndodo ngati chikwanje chodulira nzimbe. Anaizunguza ndi mphamvu zonse, ndipo inangodula mphepo, mpira uli phee. Kachiwiri mpira unagwa wokha pa kachikhomo kake, mwina ndi mantha. Kachitatu chibuma chinauluka bwino ndithu kulowera kunyanja, koma mpira unagubuduka kukalowa m'maluwa. Pa khonde panali zii, mpaka mayi wina wachikulire analephera kupirira n'kuphulika nako kuseka.

Ine sindinadabwe. Tsiku lija la kamphatso ndinapeza ndodo zake zonse zikunyezimira ngati masipuni a mphatso ya ukwati, popanda ndi kachipsera komwe, pamene zanga za miyezi yochepa zinali zokandikakandika. Patebulo ndinayang'ana manja ake, onse awiri anali a mtundu umodzi. Matope amene ndinkachapa aja ankachita kukawaponda mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Katswiri wa mphepo ya kunyanja anali asanamenyepo mpira chibadwire. Chikwama chija ntchito yake inali kumutulutsa m'nyumba mwanga Loweruka ndi kumutulutsa m'nyumba ya Nurys Lamulungu.

6

Gofu ali ndi lamulo limodzi limene ndimalikonda mpaka lero: munthu akaima pa mpira wake, wina aliyense atseke pakamwa. Radhamés akangoti "Fior, ndifotokoze," ine ndinkaima pa mpira wanga, ndipo bambo amene ankatinyamulira zikwama ankakweza dzanja n'kumuuza kuti chete, bwana, amayi akumenya. Akathamangira kwa Nurys, nayenso ankaima pa wake n'kumayeza, kumayeza, ngati akukonza tsitsi la mkwatibwi. Munthu amene ankadya ndi pakamwa anayenda bwalo lonse mawu atamutsamwa. Kuthawa sakanatha, makiyi anali m'siketi mwanga, ndipo pambuyo pathu pankabwera gulu lina loyembekeza kuona zimene achite.

Ndinene zoona, tsikulo linali lokongola mochititsa manyazi. Nyanja inali yoyera mpaka kuonetsa miyala ya pansi, mbalame zikuluzikulu zitayandama m'mwamba osakupiza mapiko, kamphepo kakugwedeza masamba a kokonati. Kapinga anali wofewa moti ndinkamva chisoni kumuponda. Ndinadzifunsa kuti zaka zonsezi ndinkadanirana ndi chiyani ndi malo abwino chonchi, amene sanandilakwire kanthu.

Komabe mbala sisowa mpata. M'dzenje la mchenga anandinong'oneza kuti Nurys ndi cholakwa chabe cha ukalamba, mkazi wake weniweni ndine. Kuseri kwa mitengo ya kokonati anauza Nurys kuti ine anali atatsala pang'ono kundisiya, ankangodikira ana akhazikike. Titafika poyambira dzenje lotsatira tinasinthana mauthengawo mokweza, mawu ndi mawu. Bambo wa zikwama anayang'ana kunyanja, mapewa akugwedezeka, kenako anangoti mapanga awiri avumbwitsa, bwana, n'kumupatsa ndodo ina.

Pali dzenje lina ku Cabo limene umamenya uli pa thanthwe lino, mbendera ili pa thanthwe la tsidya, pakati pali mafunde okhaokha. Radhamés anadyetsa nyanja mpira pambuyo pa mpira mpaka thumba linauma. Kenako anatsikira ku miyala, ati akatole wina umene wakodwa, koma ndikukhulupirira ankangofuna popumira. Ife awiri tinakhala pa benchi. Ndinamufunsa Nurys kuti anadziwa liti.

"Tsiku la m'buti. Chinkhwe changa chomwe chinandiyang'ana ndi diso lija ndinalakwitsa. Ndinakasanza m'mbali mwa msewu, saluni ndinatseka sabata yonse. Ndinkafuna kukuuza, pakamwa panakana. Ndiye ndinaluka."

"Ine ndimayesa wandipatsa mosadziwa. Masiku onsewa ndakhala ndikukumvera chisoni."

"Ine ndimayesa uthenga wamva, ndipo lero ukubwera kudzandiswa mutu ndi ndodo. N'chifukwa ndapaka zikhadabo, kuti ndikafe ndili bwino."

Tinaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, ndipo tinalira ndithu, amayi awiri a masiketi oyera pa benchi. Zinandiwawa, owerenga, sindibisa. Za mkazi wina ndikanatha kuzimeza, ambiri azimeza ndipo ndawaphikira makeke okumbukira zaka za ukwati wawo. Chimene chinandibaya n'choti anandipha. Anandipha ndi shuga wa makeke anga omwe, amene anaphunzitsa ana ake, n'kumandilira misozi yeniyeni pa mtsamiro wa mkazi wina, pamene ine ndinali moyo pa sinki kumuchapira nsapato.

Ndinapukuta maso, ndinavula chinkhwe pa ndodo, ndinaima pa mpira. Sindinaganize chilichonse chimene mphunzitsi ananena. Mpira unanyamuka, unadutsa pamwamba pa mafunde ndi pamwamba pa mutu wa mwamuna wanga kumiyala kuja, n'kukagwa tsidya pafupi ndi mbendera.

7

Pa dzenje lomaliza mwambo ndi woti onse avule zipewa n'kugwirana chanza. Radhamés anavula chake, mutu uli phuliphuli ndi thukuta, thalauza itanyowa mpaka m'maondo. Anayang'ana ine, anayang'ana Nurys, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akuwerengerabe kuti mwa awiri, mmodzi atsala. Nurys anamugwira chanza n'kumuuza kuti zovala zake akazipeza ku shopu ya matayala Lolemba. Kenako anapita pa chikwama cha bamboyo n'kuvula zinkhwe zake zitatu zija.

"Fior," anatero Radhamés, "zaka zonsezi, ana athu. Ndiwe mkazi wanga pamaso pa Mulungu."

Ndinamugwira chanza bwinobwino monga mwambo ufunira.

"Zikomo chifukwa cha masewera, bambo. Koma wakufa sakhala ndi mwamuna. Munalumbira pa bokosi langa kuti simudzakwatiranso, ndiye sungani lumbirolo."

Keke tinaidyera pa khonde, ife awiri, Don Plinio, bambo wa zikwama ndi mayi wachikulire woseka uja. Mwini tsiku lobadwa tinamuona chapatali akulowera kumsewu waukulu kukadikira minibasi, chikwama paphewa, ndodo zili mitu pamtunda.

Tsopano inu owerenga, makamaka amayi anzanga, sindikukuuzani kuti zonse zinakoma. Mwana wanga wamwamuna anakhala miyezi osandiimbira, ati ndinachititsa manyazi bambo ake pagulu, ngati kuti ndodo ija ndinkazunguza ndine. M'nyumba mumachita zii, ndipo Lamulungu lina masana ndimapezeka ndikusowa ngakhale bodza loti ndimvetsere. Koma Loweruka sindidyanso ndekha, ndimadyera pa khonde la ku Cabo. Ndamva kuti Radhamés wayamba kuphunzira gofu weniweni ku Juan Dolio, poti masiku ano Loweruka alibe kopita. Langizo langa ndi laling'ono. Mwamuna akati ali ndi chimene chimamutulutsa pakhomo sabata ndi sabata, musataye nthawi kununkhiza malaya, malaya amachapidwa. Pitani mukaphunzire chinthucho. Ngati ndi gofu, muyang'aneni manja.

Novembala atayandikira, Nurys anandifunsa ngati akafafanizitse Misa ija, poti anali atalembetsa kale. Ndinamuuza kuti aisiye. Tinapita tonse, tinakhala kutsogolo, ndipo wansembe atatchula dzina la María ndinayankha Amen mokweza kuposa onse. Mayi uja wochapa nsapato zamatope ndinkamudziwa bwino. Anali wopusa pang'ono, koma ankakonda ndi mtima wonse, ndipo anafera pa benchi pamwamba pa nyanja popanda wachibale womulira. Ngati mumapemphera, mukumbukeni nanunso.